Bolodi Limene Agogo Analoweza

MUTU 5

1. Mkaka wabuluu

Mtsikanayu ankatchedwa Loya, ngakhale anali ndi zaka khumi ndi zinayi zokha ndipo pakhomo la khoti anali asanapondepo. Dzinali anamupatsa ndi agogo ake aamuna chifukwa cha mafunso. Ukamuuza kuti madzi awira, iye ankafuna adziwenso kumene nthunziyo ikupita.

Agogowo anali mmisiri wolemba zikwangwani, ndipo mumsewu monse ankadziwika kuti a Penti. Kashopu kawo kanali kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. M'katimo munali zitini za utoto zosanjikizana mpaka kudenga, maburashi oviikidwa m'botolo lodulidwa pakati, rula yachitsulo yaitali, ndi fungo la parafini limene linkamutsatira munthu mpaka kunyumba.

Lolemba lina, Loya pochokera kusukulu anapeza mayi ogulitsa mkaka ataima pakhomo la shopuyo, manja ali m'chiuno. Patsogolo pawo panali chikwangwani chimene a Penti anali atangowalembera.

"A Penti, tandiuzani," anatero mayiwo. "Ng'ombe yake ndi iti imene imatulutsa mkaka wotere?"

"Mkakawo watani, mayi?"

"Ndi wabuluu. Anthu aziti ndayamba kugulitsa sopo wamadzi."

"Ndi mthunzi umenewo. Mukakachipachika padzuwa chiyera."

"Panopa tili padzuwa, a Penti."

Loya anapendeketsa mutu, monga ankachitira nthawi zonse akafuna kuonetsetsa chinthu. Zilembo zinali zowongoka bwino ngati zodinda pamakina. Koma kapu ya mkaka yojambulidwa pambali inali ndi mtundu wa thambo. Mayiwo anachoka akupukusa mutu, nanena kuti adzabweranso Lachisanu.

"Agogo, m'utoto woyera mumathiramo wabuluu chifukwa chiyani?"

"Wayamba kuzenga mlandu usanavule n'komwe yunifolomu? Utoto wa masiku ano ndi wachikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Ndimathiramo wabuluu kuti uyere."

Loya anavundukula chitinicho. Utoto unali woyera mbee.

Kenaka maso ake anayendayenda m'shopumo. Babu la kudenga linali lachitatu mwezi womwewo, chifukwa agogo ankati mababu a masiku ano sawala. M'dirowa munali magalasi anayi ogula pamsika, onse osagwira ntchito. Ndipo agogo atatembenukira kukhomo kumene kunkachokera kuwala, Loya anaona kanthu kotuwa pakati pa diso lawo lakumanja, ngati dontho la mkaka logwera m'tiyi wakuda.

2. Lamulo la mayi

Madzulo ake nkhani ya mkaka wabuluu inali itafika kale kunyumba. Wometa tsitsi uja sankasunga nkhani. Inkatuluka limodzi ndi tsitsi losesa.

Mayi a Loya, amene anali mwana woyamba wa a Penti, anaika mbale patebulo mwamphamvu pang'ono.

"Bambo, Lachitatu mupita kukayezetsa maso."

"Ndinayezetsa chaka chathachi. Anandiuza kuti ndili ndi maso a chiwombankhanga."

"Ndiye chiwombankhangacho chikaonekenso. Dzulo munathira mchere m'tiyi."

"Wolakwa ndi amene anaika mchere ndi shuga m'mabotolo ofanana."

"Ine kuntchito sandilola kuchoka. Loya akuperekezani, Lachitatu amaweruka msanga." Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, ukamvetsere zonse zimene akanene anamwino. Mafunso akowo akagwireko ntchito kamodzi."

A Penti sanatsutsenso. Anavomera msanga, akumwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko n'kumene kunamudabwitsa Loya.

3. Chinsinsi cha panjira

Lachitatu masana awiriwa ananyamuka wapansi kupita kukachipatala kakang'ono ka kumapeto kwa msewu waukulu. Dzuwa linali likuswa mtengo. Agogo anatsitsa chipewa mpaka kuphimba nsidze, dzanja lawo lili paphewa la Loya.

"Agogo, simukuopa?"

"Ndiope chiyani? Tamvera." Anakonza kukhosi, nayamba kutchula ngati nyimbo. "E. H, N. D, F, V." Anapitiriza mzere ndi mzere mpaka wachisanu ndi chiwiri. "Z, K, O, D, H, V, N. Amenewo ndi mathero."

"Zimenezo n'chiyani?"

"Bolodi loyezera maso la kuchipatalako. Ndinalemba ndine. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo denga lawo linadontha, pepala lawo la zilembo n'kuvunda. Anandiitana kuti ndikopere pathabwa, chilembo chilichonse ndi muyeso wake. Ndinakhalira masiku anayi. Ngakhale utandidzutsa kutulo ndikhoza kukuwerengera."

"Ndiye chaka chatha simunawerenge. Munaloweza."

"Ndinayankha zimene anafunsa. Pamzere pamakhala anthu ambiri. Ukafika mpaka pansi amati pitani, wina alowe. Tochi amayatsira olephera."

Loya anatsegula pakamwa, koma agogo anamufinya phewa.

"Tsopano undimvere, mdzukulu wanga, chifukwa sindibwereza. Ine ndagwira burashi zaka makumi anayi. Msewu wonsewu ukawerenga dzina la sitolo, ukuwerenga dzanja langa. Tsiku limene anthu adzamve kuti a Penti saona, palibe adzabweretsenso thabwa pakhomo langa. Wometa tsitsi akhoza kukalamba, wosoka nsapato akhoza kugontha, koma wolemba zikwangwani akangomveka kuti maso atha, ndiye kuti watha yense. Chinanso, ndinamva zimene amachita kuchipatala chachikulu. Amazula diso, n'kuliika pambale, n'kumalipala ngati nsomba. Akalibwezera molakwika umayang'ana kumbuyo. Ine diso langa silikhala pambale ya munthu. Choncho ukalowa mmenemo, pakamwa pako pakhale potseka ngati chitini chatsopano. Mwana woleredwa bwino savula mkulu pagulu. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

Anafika powolokera msewu. Loya anaima, koma agogo anangoponda phula. Njinga yamoto inali kubwera kuchokera mbali imene kunali dzuwa. Loya anawagwira malaya kumsana n'kuwakoka ndi mphamvu zake zonse. Njingayo inadutsa ikulira, mphepo yake n'kugwetsa chipewa chawo.

"Yachokera kuti imeneyo?" anafunsa agogo.

"Inali pomwepa, agogo. Yofiira."

"Anyamata a masiku ano amathamanga," anatero akupapasa pansi kufuna chipewa. Chipewacho chinali pafupi ndi phazi lawo. Loya anachitola n'kuwapatsa m'manja.

Kuchokera pamenepo mpaka kuchipatala sanafunsenso funso lililonse. Kwa Loya, umenewo unali mtunda wautali kwambiri.

4. Ndodo ndi kope

Chipinda choyezera maso chinali chachitali koma chopapatiza. Kumapeto kwina kunali mpando wachitsulo, kwinako bolodi loyera la zilembo zakuda, zazikulu pamwamba, zocheperachepera potsika. Pakona yake yapansi panali kachizindikiro ka burashi kamene a Penti ankaika pa ntchito yawo iliyonse.

Anamwino anali mayi achikulire, aimvi m'mbali mwa mutu, amene anali atangosamutsidwira pachipatalapo miyezi yochepa yapitayo. A Penti sankawadziwa.

"Wondithandiza lero sanabwere," anatero anamwino. "Mtsikana iwe, tenga ndodo iyi ukaime pabolodipo. Uziloza chilembo chimodzichimodzi, kuyambira pamwamba."

Loya anapita, kope lake la sayansi lili m'khwapa. Anamwino anaphimba diso lakumanzere la agogo ndi kachikatoni, iwo n'kuweramira pa pepala lolembapo zotsatira.

"E," anatero agogo ndodo isanafike n'komwe. "H, N. D, F, V."

"Pang'onopang'ono, bambo. Si mpikisano."

Loya anafuna kuona chinthu chimodzi. Pa mzere wachinayi anayambira kuloza kumanja kubwerera kumanzere. Agogo anawerenga kuyambira kumanzere kupita kumanja, mosadodoma. Anamwino anali akulemba, sanaone.

Mzere wachisanu unadutsa. Wachisanu ndi chimodzi unadutsanso. Unatsala wapansi, wa tizilembo tating'ono ngati nyerere.

Loya anayang'ana agogo ake. Anakhala mowongoka pampandopo, chipewa chili pabondo, fumbi la pamsewu lija likadali pamphepete pake. Anatulutsa kope m'khwapa, nalitsegula pakati, n'kuphimba nalo mzere wonsewo. Kenaka anagogoda pachikuto ndi ndodo.

"Z," anatero agogo. "K, O, D."

Anamwino anadzutsa mutu. Anayang'ana bolodi, kenaka anayang'ana Loya.

"H, V, N," anamaliza agogo. "Basi. Tizipita?"

Panja mwana wina anali kulira pamzere.

"Bambo," anatero anamwino akuika cholembera pansi, "zaka makumi atatu ndikuyeza maso, koma sindinaonepo munthu wowerenga zilembo zimene zili kuseri kwa kope."

"Kope lanji?"

Agogo anasuzumira kutsogolo, natsinzinira diso, nalitsegulanso. Pang'onopang'ono mapewa awo anatsika.

"Loya," anatero ndi mawu otsika. "Ndiwe?"

"Ndine, agogo."

"Ndinati chiyani panjira?"

"Munati pakamwa pakhale potseka. Sindinayankhule. Koma njinga ija simunaione."

5. Chimene chinali m'diso

Anamwino anakoka katani, m'chipindamo n'kuchita kamdima. Anayeza agogo mwatsopano, akuloza zilembo modumphadumpha ndi kuimika zala patsogolo pawo. Diso lakumanzere linkaona mizere itatu yapamwamba. Lakumanja linkangowerenga zala zikafika pafupi.

Kenaka anayatsa katochi n'kuwalitsa m'disomo.

"Bwera udzaone, poti ndiwe wagwira mbala," anatero kwa Loya.

Loya anasendera. Pakati pa diso, pamene pamayenera kukhala pakuda bii, panali potuwa ngati galasi limene munthu wauzirapo mpweya.

"Chimenecho n'chiyani? Chamera pamwamba? Angachipukute?"

"Funso limodzilimodzi. Imeneyi ndi ng'ala. Kuseri kwa kadontho kakuda ka pakati pa diso kuli kagalasi kochepa ngati batani la malaya. Munthu akamabadwa kamakhala koonekera ngati madzi, ndipo kuwala kumadutsa pamenepo. Zaka zikamapita kamachita chifunga, kwa ena n'kusanduka kachikasu. Si khungu lomera pamwamba ayi. Chili m'kati, sungachipukute, ndipo sapatsirana. Kwa ambiri chimabwera ndi ukalamba monga imvi. Ena chimawafulumirira chifukwa cha matenda a shuga, fodya kapena kuvulala."

"N'chifukwa chake utoto woyera amauona wachikasu?"

"Kodi amatero? Ee, n'chomwecho. Ali ngati munthu woyang'ana dziko kudzera pazenera lopakidwa vanishi."

A Penti anatukula mutu. "Vanishi akakalamba amachitadi chikasu," anatero monyinyirika. "Ndipo dzuwa likamenyapo suona kanthu."

"Mwaona, mukuidziwa bwino kuposa ine."

"Koma pambale paja ndiye ayi."

"Mbale yanji?"

Loya anafotokoza za kuzula diso ndi kulipala ngati nsomba. Anamwino sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi agogo.

"Bambo, ndimvereni bwino, ndipo iwe mwana umvere nawo. Diso silizulidwa. Atalizula angalibwezere ndani? Amalichititsa dzanzi inu muli maso, n'kuboola pang'ono m'mbali, kuchotsa kagalasi kachifungako n'kuikamo kena koyera kochita kupanga. Nthawi zambiri ntchitoyo siikwana ndi ola lomwe. Amayamba diso limodzi, linalo pambuyo. Ambiri akamasulidwa bandeji amayamba n'kudandaula kuti m'nyumba mwawo ndi mwauve, ana samasesa.

"Koma chimene chandikhumudwitsa ine si ng'alayi. Ng'ala imachotsedwa, munthu n'kuonanso. Alipo matenda ena a maso amene sapweteka, sayabwa, safiiritsa diso. Amangodya kuyambira m'mbali mwakachetechete ngati chiswe m'thabwa, ndipo chimene adya sichibwerera. Amenewo timawagwira poyeza basi. N'chifukwa chake munthu wa msinkhu wanu ayenera kuyezetsa kawirikawiri, ngakhale akuona ngati ali bwino, ndipo wa matenda a shuga asadumphitse chaka. Inu mwakhala mukubwera kuno kudzatiimbira nyimbo. Mumanamiza ndani? Bolodi silidwala, bambo. Chikanakhala chiswe chija, lero ndikanakuuzani kuti mwachedwa.

"Chomaliza. Musathire m'maso chilichonse chimene wina wakuuzani pamsika, kaya ndi madzi a shuga, a masamba kapena mafuta. Palibe dontho limene limasungunula ng'ala. Ndaona maso amene akanachira ataphedwa ndi chifundo cha mnansi."

"Nanga makasitomala anga akamva?"

"Amva kale," anatero Loya motsitsa mawu. "Mkaka uja unali wabuluu, agogo."

Agogo anapukusa chipewa m'manja kawiri katatu. Sanamuyang'ane.

6. Mpando womwewo

Anamwino analemba kalata yopita kuchipatala chachikulu, kumene madokotala a maso akayezenso mokwanira n'kusankha tsiku. Anaipinda n'kuipereka. A Penti anaigwira ndi zala ziwiri ngati chinthu chotentha, ndipo kwa kanthawi zinkaoneka ngati aisiya pampando.

Kenaka anaiika m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Ndipita," anatero. "Chikwangwani cha mayi uja ndidzachikonza ndi diso latsopano. Koma ndisanatuluke muno, mundiyezere uyu."

"Ine?" anadabwa Loya. "Ine ndimaona bwinobwino."

"Nanenso ndinkatero. Anamwino, mwanayu akamayang'ana chinthu amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba. Ndinayamba kumuona kalekale, maso anga asanachite chifunga. Munthu wa maso awiri abwino sayang'ana ndi limodzi."

"Unayezetsapo maso, mwanawe?" anafunsa anamwino.

"Ayi. Si za anthu akuluakulu zimenezi?"

"Maso alibe msinkhu. Khala pansi."

Loya anakhala pampando wachitsulo uja, ukadali wofunda. Anamwino anatsegula katani n'kupita pabolodi ndi ndodo. Kachikatoni anakatenga ndi agogo, ndipo anakagwira mosamala ngati munthu amene wapatsidwa udindo waukulu.

Ataphimbidwa diso lakumanzere, Loya anawerenga mpaka mzere wapansi mosavuta. Anamwetulira.

"Tsopano linalo," anatero anamwino.

Agogo anasamutsa kachikatoni. Chilembo chachikulu chapamwamba chinalipo. Ziwiri zotsatira zinalipo, koma m'mphepete mwake munali mofufutika. Ndodo itatsikira pa mzere wachitatu, Loya anangoona timadontho titatu totuwa, tosungunuka ngati inki yogwera m'madzi. Anaphethira. Anafuna kupendeketsa mutu, koma dzanja la agogo linali pamenepo.

Zilembozo ankazidziwa. Anali atazimva panjira, n'kuzilozanso yekha ndi ndodo. D, F, V. Zinali pansonga ya lilime, zokonzeka kutuluka ngati nyimbo.

"Tikudikira, a Loya," anatero agogo pafupi ndi khutu lake.

Loya anayang'ananso timadontho tija.

"Sindikuona," anatero.

Dzanja la agogo linatsika pang'onopang'ono n'kukhala paphewa lake, pamalo omwe aja linagwira panjira. Ulendo uno silinafinye.

"Chaona mnzako chapita," anatero, koma m'mawu awo munalibe chipongwe. "Basi ya kuchipatala chachikulu tikwerera limodzi."

"Ndi ng'ala nanenso?" anafunsa Loya.

"Sindikuganiza choncho," anayankha anamwino akusolola pepala lachiwiri m'dirowa. "Koma kuganiza si kuyeza. Mayi ako amaweruka nthawi yanji kuntchito?"

Asanayankhe, anamwino anakokanso katani n'kuyatsa katochi kaja.

"Tsegula diso, usaphethire. Tione chimene wakhala ukubisa osadziwa."